Masiku awiri pa zilumba za ku Cape Maclear

Amene takhala tikupita ku zilumba za ku Cape Maclear chaka ndi chaka timagwirizana pa mfundo imodzi: ulendo wa Loweruka ndi Lamulungu umalamulidwa ndi mphepo komanso nthawi yowolokera. Zina zonse, malo ogona, chakudya, galasi loonera m'madzi, zimakonzeka ngakhale mutalakwitsa. Koma mukafika ku Chembe, mudzi wa pagombe la Cape Maclear, Loweruka masana, dzuwa litapendeka kale, tsiku limenelo latha, ndipo chomwe chatsala ndi theka la Lamulungu basi. N'chifukwa chake timalimbikira kuti munyamuke Lachisanu, mukagone kumtunda, kuti Loweruka mbandakucha mukhale muli pagombe.

Kuchokera ku Lilongwe njira zilipo ziwiri. Ina ndi yodzera ku Dedza, kutsika chitsetse cha Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenako kulowa msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay. Ndi yaifupi komanso yokongola, koma makona ake ndi akuthwa, ndipo woyendetsa amene amangoponda mabuleki osatsitsa giya amafika pansi mabulekiwo atatentha, akununkha. Musaitsike usiku. Inayo ndi yodzera ku Salima, yotalikirapo koma yopanda zitunda zoopsa. Ochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Kulikonse kumene muchokere, werengerani maola 4 mpaka 5 pa galimoto yanu, ndipo pa minibasi onjezerani ena awiri kapena atatu odikira kuti idzaze. Mphambano ya ku Cape Maclear ili makilomita ochepa musanafike pa Monkey Bay, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri. Opanda galimoto amakwera njinga zamoto za kabaza. M'mbali mwa msewu womwewo muli Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope. Imani mphindi 10 pobwerera, popita muthamangire kuwala.

Ndalama tengerani ku tawuni. Maejenti a Airtel Money ndi Mpamba alipo m'mudzi, koma kumapeto kwa sabata, alendo akachuluka, kupeza ndalama zambiri nthawi imodzi kumavuta. Petulo nayenso thirani wokwanira kupita ndi kubwerera. Musaiwale chitupa cha unzika, chifukwa zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park ndipo Amalawi amalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zake. Madzi onse a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa paki ndi zilumba zake ndi otetezedwa: simuloledwa kuwedza kapena kuponya ukonde. Mbedza zisiyeni kunyumba.

Tsono sankhani chilumba chimodzi. Zilipo zitatu zimene munthu angafike mosavuta kuchokera pa Chembe, ndipo kufuna kuziponda zonse m'masiku awiri kumangothera nthawi m'boti. Thumbi West ndi chimene chili pamaso panu mukaima pagombe, mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Palibe pogona, ndi cha ulendo wa tsiku limodzi, koma nsomba zake ndi zochuluka komanso zozolowera anthu, choncho amene akuyamba kumene ayambire pomwepo. Domwe ndi chachikulu, chamapiri, cholekanitsidwa ndi mtunda ndi kampata kakang'ono ka madzi kotchedwa Ilala Gap. Pali kampu yodziphikira nokha, ndipo kwa okonda kukwera mapiri ndi amene thumba lawo ndi lapakati, ndicho timalimbikitsa. Mumbo chili kutali, makilomita pafupifupi 10, ndi chaching'ono, pafupifupi kilomita imodzi m'mimba mwake, ndipo madzi ake ndi oyera kuposa pena paliponse m'derali. Kugona kumeneko n'kodula. Pa Domwe ndi pa Mumbo pomwe malo ndi ochepa, muyenera kusungitsa pasadakhale, ndipo simungangofika n'kukhoma tenti pamene mwafuna.

Za mphepo tsopano, chifukwa apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, wochokera kum'mwera chakum'mawa. Gombe la Chembe linayang'ana kumpoto chakumadzulo ndipo kumbuyo kwake kuli mapiri, ndiye mwera ukamawomba, pagombe pamaoneka bata, madzi ali phee ngati m'beseni. Mukangotuluka pamthunzi wa mapiriwo kulunjika ku Mumbo, mumakumana ndi mafunde amene simunawaganizire. Mlendo amaweruza nyanja ndi zomwe akuona pamapazi pake. Msodzi amayang'ana kutali, kumene madzi akuoneka akuda ndi timizere toyera. Timizere toyerato ndi mafunde akusweka, ndipo mukationa, dikirani. M'nyengo ya mvula zimatembenuka: mpoto umalowa m'gombemo mwachindunji, ndipo mvula yamabingu imatha kubwera mwadzidzidzi masana. Mitsinje imakokolola matope, madzi amachita mbuu, nsomba sizioneka bwino. Miyezi yabwino kwambiri yoonera nsomba ndi Seputembala mpaka Novembala, pamene mwera wazilala, mvula isanayambe, madzi ali ofunda. Kutentha kwa Okutobala ndiye mtengo wake. Masiku ambiri nyanja imakhala yofatsa m'mawa kwambiri kusiyana ndi masana, koma funsani asodzi obwera kuchokera ku usipa usiku. Iwo aigona nyanjayo ndipo adzakuuzani zoona. Mwini boti akanena kuti "lero ayi, bwana", musamukakamize ndi ndalama.

Pokambirana ndi a boti, mtengo wokha sukwanira. Gwirizanani za ola lonyamukira ndi lobwerera, ngati zipangizo zosambira ndi chakudya zili momwemo, ndiponso amene alipire chiphaso cha paki. Perekani theka, lina pobwera. Musanakwere, werengani majekete oyandamitsa ndi maso anu, munthu aliyense yake, ana akhale ndi zamsinkhu wawo, chifukwa jekete yaikulu imavuka mwana akangogwera m'madzi. Nyamulani chigubu cha petulo mumve kulemera kwake. Onani ngati muli nkhafi ndi chokapira madzi. Injini zimazima, kawirikawiri chifukwa cha petulo wosakanikirana ndi madzi kapena pulagi yakuda, ndipo boti lopanda nkhafi limangotengedwa ndi mphepo. Pa boti la injini, ku Mumbo ndi mphindi pafupifupi 45. Opalasa kayak, kabwato kakang'ono ka nkhafi, awerengere maola awiri kapena atatu, ndipo amene sanapalasepo asayambire ulendo umenewo. Ayesere ku Thumbi kapena ku Domwe ali ndi wowatsogolera. Foni ikani m'thumba lapulasitiki lotseka bwino, mapepala awiri, osati limodzi.

Chimene chimatipweteka mtima ndi kuona Amalawi anzathu afika mpaka pachilumba, n'kukhala pamwala kujambula zithunzi, osalowa m'madzi, ati sadziwa kusambira. Alendo amauluka kuchokera ku Germany ndi ku Japan kudzaona nsomba zimene ife timazidutsa pamwamba. Kuona mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala, sikufuna katswiri wosambira. Kumafuna jekete yoyandamitsa yomangidwa bwino, galasi losalowa madzi, ndi mnzanu pafupi. Dziwani kuti madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, choncho sanyamula thupi ngati a ku Indian Ocean. Ngakhale wodziwa kusambira amatopa msanga, ndiye jekete si chinthu chochititsa manyazi.

Galasi liyeseni muli pamtunda. Liikeni pankhope osakoleka lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, kenako chotsani manja. Likamatirira, ndi lanu. Likagwa, sinthani, chifukwa m'madzi lidzangodzaza. Zimene zimalowetsa madzi ndi zitatu: tsitsi lopanikizika m'mphepete mwa labala, ndevu za pamlomo wam'mwamba, ndi lamba womangitsa. Chachitatuchi ambiri sachikhulupirira. Madzi akayamba kulowa amakokanso lamba, labala amapindika, madzi n'kuwonjezeka. Masulani pang'ono. A ndevu pakani Vaseline pang'ono pansi pa mphuno. Amayi oluka tsitsi lalitali, limangeni kumbuyo m'munsi kuti lamba adutse pamwamba pa mfundoyo. Kuti galasi lisachite nthunzi, lavulirani malovu mkati likadali louma, pakani ndi chala, tsukuluzani kamodzi kokha. Galasi latsopano la m'sitolo limakhala ndi mafuta a kufakitale, ndipo malovu sagwira mpaka mutalitsuka mkati ndi mankhwala otsukira mano kawiri kapena katatu.

Kapaipi kopumira kamakhala kumanzere kwa mutu. Lumani pang'ono timano take, milomo itseke mozungulira. Yambani pamadzi ofika m'chiuno, mutagwada kapena mutagwira dzanja la mnzanu, nkhope m'madzi, n'kupuma kakhumi osasuntha. Thupi limakana poyamba, mtima umathamanga, koma pofika mpweya wachisanu limavomera. Pumani mozama komanso mwapang'onopang'ono. Kupuma mwaphuma kumangobweza mpweya wakale womwe watsalira m'paipi, ndipo pakatha mphindi 20 mutu umayamba kuwawa. Maso ayang'ane kutsogolo chapansi. Mukaweramitsa mutu kuyang'ana kumapazi, nsonga ya paipi imamira ndipo mumamwa madzi. Madzi akalowa, musadzidzimuke: uzirani mwamphamvu kamodzi ngati mukunena kuti "tu", atuluka, kenako kokani mpweya wotsatira mosamala. Zipsepse za kumapazi zimafuna kuti mwendo uyende wonse kuchokera m'chiuno, osati kupalasa ngati njinga. Zobwereka nthawi zambiri sizikwana bwino ndipo zimatupitsa matuza kuchidendene, choncho valani sokosi. Katumba akakokana, gwirani nsonga ya chipsepse, ikokereni kwa inu mwendo utawongoka. Ofuna kumira pansi atsine mphuno n'kuuzira pang'ono mita iliyonse kuti makutu asapweteke, ndipo asamapume mofulumira kambirimbiri asanamire pofuna kukhalitsa. Zimenezo zimakomola munthu ali pansi pamadzi popanda chenjezo.

Mukafika pamiyala, lekani kupalasa. Ingoyandamani. Pakatha mphindi imodzi mbuna zimaiwala za inu n'kubwerera ku ntchito yawo. Mudzaona yaimuna yabuluu wowala, ya mizere yakuda, italondera kamwala kake kosaposa thebulo, ikuthamangitsa iliyonse yodutsa, kenako n'kubwerera pamalo pomwepo. Zina zaima chamutu pansi, zikupala ndere pamwala ndi timano tawo, ndipo mukakhala chete mumamva kutetheka kwake m'makutu, ngati mchere ukuthetheka pamoto. Yang'anitsitsani zazikazi, zomwe mtundu wake ndi wofatsa: ina mudzaiona kukhosi kwatupa, siikudya, ikubisala m'ming'alu. Imeneyo yafungatira mazira m'kamwa, ndipo imakhala choncho pafupifupi masabata atatu mpaka ana atakula. Mwa mitundu ina ya nsombazi, mayi amatulutsa ana kuti adye, choopsa chikayandikira onse amathamangira m'kamwa mwake nthawi imodzi. Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho gulu la chilumba chilichonse lakhala lokha kwa zaka zambirimbiri, ndipo mitundu ndi mawanga a pa Thumbi amasiyana ndi a pa Mumbo. N'chifukwa chake nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Pamchenga, patali pang'ono ndi miyala, mudzaona timaenje tozungulira ngati mbale. Timeneto amakumba ndi amuna a mitundu ina pokopa akazi. M'mapanga a pansi mumakhala kampango.

A boti ambiri amamwaza buledi kuti nsomba ziunjikane. Zimabweradi, mpaka kukujomphani zala, koma ife sitikonda. Nsomba zodya ndere sizinalengedwere buledi, ndipo chipwirikiti chimenecho chimakubisirani khalidwe lawo lenileni lomwe mwadzera. Nkhwazi nazo amaziitana ndi likhweru n'kuziponyera nsomba. Kuiona ikutsika, mapazi patsogolo, n'kutola nsomba osanyowetsa mapiko, n'kosaiwalika. Kamera ikhale yokonzeka, zimatenga masekondi awiri.

Dzuwa limawotcha munthu woyandama kuposa woyenda, chifukwa madzi amakuziziritsani ndipo simumva kanthu mpaka madzulo. Khungu lakuda nalonso limapsa, makamaka pakhosi kumbuyo, pamapewa ndi kuseri kwa mawondo. Sambirani mutavala malaya, ndipo musapitirire mphindi 40 musanatuluke kukamwa madzi. Miyala ya m'mphepete ndi yoterera ndi ndere. Potuluka vulani zipsepse mukadali m'madzi, kwerani chokwawa. Ng'ona sizipezeka kawirikawiri pazilumbazi, komabe funsani oyang'anira kampu za malo osambira, ndipo usiku musalowe m'madzi.

Kukwera phiri kuikeni Lamulungu m'mawa, kuyamba 5:30 kapena 6 koloko. Pa Mumbo tinjira ndi tatifupi, ola limodzi kapena awiri mwazungulira, kudutsa pansi pa milambe ndi mikuyu yomera pamiyala, ang'azi akuthawira m'madzi. Domwe ndi nkhani ina. Njira yopita pamwamba ndi yotsetsereka, yamiyala yogubuduka, ndipo kupita ndi kubwera kumadya maola atatu kapena kuposa. Tengani malita awiri a madzi munthu aliyense, nsapato zotseka zogwira pansi, osati patapata, ndi buluku lalitali. Bulukulo ndi la chitedze. M'miyezi yozizira mpaka chilimwe nyemba zake zimauma, ubweya wake umauluka ndi kamphepo kalikonse, ndipo ukakugwerani musakande kapena kuthira madzi msanga; umalowerera. Uchotseni ndi selotepi kapena kupala mopepuka ndi mpeni, kenako sambani ndi sopo, malayawo muwaike padera. Pitani ndi wotsogolera. Kukwera n'kosavuta kupeza njira, chifukwa kumwamba n'kumodzi, koma potsika tinjira ta nguluwe timafanana ndi njira ya anthu, ndipo mukhoza kutulukira pamwamba pa phompho mbali ina ya chilumba kumene kulibe boti. Poponda paliponse pamene simukuona, makamaka pamiyala yofunda, yambani mwagogoda ndi ndodo chifukwa cha njoka. Fodya ndi moto m'udzu wouma ayi. Chilumba chikayaka palibe wozimitsa.

Odziphikira pa Domwe agule zouma ku tawuni, nsomba ndi tomato agule pa Chembe m'mawa. Kwa anthu anayi, usiku umodzi: mpunga kilogalamu imodzi kapena ufa makilogalamu awiri, mazira 12, buledi muwiri, mafuta, mchere, anyezi, tiyi ndi shuga, ndi madzi akumwa malita atatu munthu aliyense patsiku. Ayisi m'bokosi lozizira amatha tsiku limodzi m'nyengo yotentha, ndiye nsomba yaiwisi idyedwe Loweruka lomwelo. Chakudya chitsekereni m'bokosi, anyani ndi apusi amadziwa kumasula jumbo. Zinyalala zonse, mabotolo ndi mapepala, zibwerere nanu kumtunda. Tochi ndi yofunika, mdima umagwa msanga ikangokwana 6 koloko, ndipo ukagwa mudzaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati mudzi woyandama.

Bwererani kumtunda isanakwane 12 koloko Lamulungu. Ngati nthawi ilipo, pitani ku manda a amishonale pafupi ndi chipata cha paki. Dzina lakuti Cape Maclear analipereka David Livingstone mu 1861 polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, ndipo mishoni ya Livingstonia inayambira pano mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gululo. Malungo anapha amishonale motsatizana mpaka otsalawo anasamukira ku Bandawe mu 1881. Udzudzu umenewo ulipobe. Gonani m'neti usiku uliwonse, pachilumba pomwe, ndipo mukamva kutentha thupi patatha sabata imodzi kapena iwiri mutabwerako, kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Wina akavulala muli komweko, m'mudzi wa Chembe muli kachipatala, ndipo chipatala chokulirapo chili ku Monkey Bay.

Likodzo ndiye musalinyozere, ku Cape Maclear lilipo ndithu. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu popanda bala, ndipo timachuluka m'madzi osaya a m'mphepete mwa mudzi, momwe anthu amachapa ndi kusamba, makamaka masana dzuwa lili pamutu. Kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha makoka a m'mphepete kunachititsa kuti nkhonozo zichuluke ngakhale pamchenga woyera wopanda udzu, choncho kuyera kwa madzi si umboni. Pamiyala ya kuzilumba, kutali ndi anthu, chiopsezo n'chochepa koma sichitheratu, ndipo pokwera boti pa Chembe mumaponda m'madzi omwewo. Ana musawasiye akusewera tsiku lonse m'madzi a pagombe la mudzi. Kudzipukuta ndi thaulo mukangotuluka kumathandiza pang'ono chabe. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo cholakwika chofala ndi kumwa Lolemba mutangofika kunyumba. Nthawi imeneyo nyongolotsi zikadali zazing'ono ndipo mankhwalawo sazipha. Dikirani masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi, pitani kuchipatala mukawauze kumene munali, akupimeni kulemera chifukwa mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo mumwe mutadya, poti pamimba yopanda kanthu amachititsa nseru ndi chizungulire. Musadikire kuona magazi mumkodzo. Ambiri amakhala nalo zaka osaona chizindikiro chilichonse, likuwononga chikhodzodzo mwakachetechete. Lembani tsikulo pa kalendala ya foni musanachoke pagombe.